Manachesi Anga Anakaonetsedwa ku Blantyre

Matipate atangobwera, kwathu ku Neno tinalandira zinthu ziwiri, ufulu ndi masemina. Ufuluwo tinkangoumva pa wailesi, koma masemina tinkawaona ndi maso, chifukwa ankabwera pa galimoto yoyera ndipo ankatha ndi sikono ndi zakumwa za m'botolo.

Ine ndinali ndi benchi pamsika wa pa boma, ndipo kumudzi ndinali ndi mitengo ya manachesi imene malemu amuna anga anandisiyira. Nyengo yozizira ikafika nthambi zinkachita kuthyoka, koma zipatso zambiri zinkangoolera pansi. Pa Neno aliyense ali ndi mtengo wake kuseri kwa nyumba, ndiye ugulitsa kwa ndani? Ana anga awiri anali ku sekondale, ndipo sukulu yawo inali italendewera m'mitengo momwemo.

Ndiye tsiku limene bambo wina wa tayi, a Makisiwelo, wa bungwe lothandiza amalonda ang'onoang'ono, anatiuza za chionetsero chachikulu cha zamalonda ku Blantyre, ndinasiya kutafuna sikono n'kutchera khutu.

"Kumeneko kumabwera makampani a m'dziko muno ndi akunja," anatero. "Koma munthu sapita kukangoyang'ana ngati ali ku mpira. Mukafike tsiku lotsegulira. Mukavale bwino. Aliyense mukamupatse moni, mukamuyang'ane m'maso, mukatchule dzina lanu ndi malonda anu. Wochenjera amachokako ndi kasitomala. Ifenso tili ndi kanyumba kathu koonetsera komweko, mukatipeza."

Tinasankhidwa atatu. Woyamba anali tcheyamani wa gulu lathu la amalonda, a Chidzanja. Bambo ameneyu kale ankaima pakhomo pa msika kugulitsa makadi a chipani, n'kumabweza aliyense wopanda khadi, ngakhale mayi wobereka mwana wodwala. Mavoti atawerengedwa, anadzuka m'mawa ali wa demokalase kuposa tonsefe. Malonda awo enieni palibe ankawadziwa, koma anali ndi chikwama cha m'manja ndi suti. Wachiwiri anali che Saidi, mwini golosale ku Lisungwi, amene tinati tikawatengera panjira. Wachitatu ndinali ine, chifukwa a Makisiwelo anati azungu awo sakondwa akaona gulu lopanda mzimayi.

Ndinathyola manachesi osankha, akuluakulu, onyezimira, n'kudzaza madengu atatu. Limodzi ndinabwereka kwa apongozi anga, amene anandiperekeza ndi mawu amodzi okha: "Libwere."

Tinanyamuka tsiku lotsegulira lili mawa, pa matola a mnyamata wina wotchedwa Sikelo. Anati tinyamuka mbandakucha, ndipo mbandakucha tinakweradi. Kenako tinazungulira pa boma kufuna anthu ena. Tinapita kukatenga matumba a chimanga kwa alamu ake. Tinabwerera pamsika kukathira petulo wa m'chigubu, Sikelo akuyamwa paipi n'kumalavula. Dzuwa linakwera tikudutsabe pa benchi yanga, anzanga akundibayibitsa kachitatu.

Kondakitala anayang'ana madengu anga nati dengu lililonse ndi munthu, lilipire ngati munthu. Ndinamufunsa ngati mbuzi imene inamangidwa pafupi nane nayonso inali munthu. Anati mbuzi ndi ya dalaivala. A Chidzanja sanamve zonsezi. Iwo anakhala kutsogolo, galasi atatseka, chifukwa tcheyamani sangakafike pamaso pa makampani ali mbuu ndi fumbi.

Msewu wa ku Neno sindiufotokoza. Amene anaudutsa akuudziwa, ndipo amene sanaudutse angati ndikunama. Ndingonena kuti titapitirira Ligowe, potsika chitunda china, pansi pa galimoto panamveka kuti khoo, kumbuyo kunakhala pansi, tonse n'kutsetserekera pa mbuzi. Sipuling'i inali itathyoka.

Sikelo analowa pansi, natuluka, nati ndi zazing'ono. Anadula mtengo m'tchire, nang'amba chubu chakale cha tayala, namanga. Tinakwera, tinayenda mpaka pa mtengo wa mango umene tinkauona kutsogolo, injini n'kuzima. Tsopano anali petulo. Sikelo anatukwana amene anamugulitsa chigubu chija, nabwereka njinga pamudzi wapafupi, nazimiririka.

Tinakhala pansi pa mango paja. Mphunzitsi wina amene ankapita ku Mwanza anayala nyuzi nagona. Bambo wina wachikulire anatsegula kawailesi kake, tinamvera uthenga wa maliro, zotsatira za mpira, ndi nduna ina ikulonjeza misewu, mpaka mabatire anatha nduna isanamalize. Galimoto sinadutse ngakhale imodzi. Chimene chinadutsa ndi ng'ombe, ndipo nazonso zinatiyang'ana ngati zikutimvera chisoni.

Njala itayamba kuluma, ndinaona maso a anthu akutembenukira ku madengu. A Chidzanja anavula jekete, nalikoleka panthambi, nabwera kwa ine akumwetulira.

"Mayi Nabanda, paja a Makisiwelo anati chiyani? Malonda ndi kutsatsa. Apa pali anthu, ndipo anthu ndiwo msika. Tiyeni tiwalawitse."

"A Tcheya, awa ndi opita ku chionetsero."

"Ndiye tivote. Ino ndi demokalase, mayi, si nthawi ija munthu mmodzi ankalamula yekha."

Manja anakwera m'mwamba, ndi mphunzitsi yemwe anadzuka kuti voti yake isapite pachabe. Amene sitinakweze tinali ine ndi mbuzi basi. Dengu loyamba linatsegulidwa, a Tcheya akugawa ndi manja awo ngati a m'munda mwawo. Bambo wa wailesi uja anadya mpaka madzi kutsikira m'zigongono, kenako anandiuza mwaulemu kuti akwawo ku Magaleta amatsekemera kuposa awa. Makoko anadya mbuzi, ndiye pomaliza nayonso inalowa mbali ya opambana.

Sikelo anabwera dzuwa litapendeka, akununkha petulo ndi chinthu china chimene si petulo. Tinafika pa tala kukuda, ndipo tinakagona ku Lisungwi kwa che Saidi. Akazi awo anatiphikira tiyi wa tangawizi. Che Saidi ndi munthu wosalankhulalankhula. Anayang'ana dengu lopanda kanthu, nayang'ana a Chidzanja, kenako anatenga chingwe cha sisala n'kumanga madengu awiri otsalawo mwamphamvu.

"Achemwali," anandiuza, "mawa limodzi mukhalepo pamwamba. Musadzukepo ngakhale aimbe nyimbo ya fuko."

Che Saidi ankapita ku chionetsero kukaona makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa. Anali atawaganizira kwa zaka.

M'mawa tinaima pamsewu. Basi yochokera ku Mwanza inadutsa itadzaza mpaka pakhomo. Minibasi zinkaima, kondakitala n'kuona madengu, n'kumenya chitseko kuti tiye. Ina inavomera madengu koma inalibe malo a eni ake. A Chidzanja ankangoyang'ana wotchi yawo, imene sinkayenda, n'kumadandaula kuti atsegula chionetsero iwo kulibe, ngati kuti makiyi anali m'chikwama mwawo.

Kenako tinamva nyimbo. Inali lole yodzaza amayi ovala nsalu ya chipani cholamula, akupita kukalandira nduna imene inkatsegulira chionetsero chomwecho. A Chidzanja anathamangira pakati pa msewu manja ali m'mwamba. Kutsogolo kunatsika bambo wonenepa, ndipo awiriwo anakumbatirana. Ndinamuzindikira. Anali mnzawo amene ankagulitsa naye makadi kale lija, tsopano ali gavanala wa chipani chatsopano.

"Malo alipo," anatero gavanala, "koma galimoto ino ndi ya chipani. Wokwera avale, ndipo aimbe."

A Chidzanja anavala sikipa ya chipani pamwamba pa malaya ndi tayi, jekete pamwamba pake. Ine anandiponyera nsalu, ndinamanga. Che Saidi anailandira yawo n'kuiika paphewa, nkhope ili ngati akupita kukapepesa maliro.

Nyimbo zake zinali zomwe zija tinkaimba ndili mtsikana. Anangochotsamo dzina lakale n'kulowetsamo latsopano, ndipo pamene silinkakwana bwino ankalikoka pang'ono. Ine ndinakhala pa dengu la apongozi, linalo ndinalipana ndi miyendo. Sitinapite patali, mayi wina wotsogolera nyimbo ananunkhiza.

"Kodi amayi, mwabisa chiyani umu? Kukhosi kwauma ife, tikaimba bwanji pamaso pa bwana?"

"Ndi za ku chionetsero, mayi."

"Ifenso tikupita ku chionetsero. Kapena inu ndi a chipani china?"

Funso limenelo, uli pamwamba pa lole yothamanga, pakati pa amayi odzaza bodi, suliyankha mwachibwana. Chingwe cha che Saidi chinadulidwa ndi lezala amene anatuluka m'duku la wina. Pofika pa Zalewa dengu lachiwiri linali litapepuka, ndipo ndivomereze kuti mawu a amayi aja anamveka bwino kuposa poyamba.

Pa Zalewa ndinkaopa apolisi, chifukwa aliyense wodutsa ndi katundu amadziwa kuti pamenepo dengu limatsika msinkhu. Koma wapolisi atangoona nsalu, anakoka mgolo wotchinga msewu n'kuchita sawasha. Lole ija inalibe galasi limodzi, matayala anali osalala ngati mimba ya mwana, ndipo dalaivala ankaimika popopa phazi kangapo. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti nsalu ija inali laisensi, inshuwalansi ndi mabuleki omwe.

Tinawoloka Shire, tinadutsa Lirangwe, ndipo pa Lunzu gavanala anati akukaimba foni. Analowa m'nyumba ina yokhala ndi makatani a mikanda pakhomo, a Chidzanja pambuyo pake kukamuthandiza kuimbako. Ife tinatsala padzuwa. Amayi anaimba, anatopa, anayamba kukangana za amene anapatsidwa nsalu ziwiri. Mavenda anazungulira lole ndi mazira, chimanga chootcha, ndi manachesi. Inde, manachesi, ang'onoang'ono ofota, pamtengo umene kwathu ungagule mulu wonse. Ndinamva ngati dengu limene ndinakhalapo likunditentha. Ndikanatsika pomwepo n'kugulitsa, koma ndinakumbukira makampani akunja amene ankandidikira. Foni ija itatha, awiriwo anatuluka akupukuta pakamwa.

Ku Blantyre tinalowa ulere pachipata cha chionetsero, chifukwa tinali ovina. Koma ulere umenewo tinaulipira. Anatiika pamzere padzuwa kudikira nduna, ndipo nduna inachedwa monga mwa ulemu wake. Ndinavina, mayi wa ana a ku sekondale, wobwera kudzakumana ndi makampani, che Saidi atandigwirira dengu kuseri kwa mpanda. Zolankhula zitayamba, ndinazemba.

Mkatimo munali zinthu. Mathalakitala, zigayo, mafiriji, nsapato, mipando yoti munthu ungaope kukhalapo. Pakanyumba kalikonse panali atsikana odzola bwino akugawa timapepala tonyezimira ta zithunzi. A Chidzanja anachita monga tinaphunzirira. Ankagwira dzanja aliyense, ndi alonda omwe, n'kumati, "Chidzanja, tcheyamani, Neno," kenako n'kutenga timapepala tambiri n'kuponya m'jumbo. Jumbo itadzaza anapempha ina.

Che Saidi anawapeza makina awo. Anawazungulira, anawasisita, anafunsa mafunso. Wogulitsa anawauza kuti amayendera magetsi amphamvu. Che Saidi anangogwedeza mutu n'kuthokoza. Mawaya akuluakulu a magetsi ankadutsa pamwamba pa mudzi wawo kupita m'tauni, koma m'golosale mwawo ankayatsa nyali ya galasi.

Ine ndinasenza dengu langa mpaka pa kampani yopanga madzi a zipatso. Ndinapereka moni, ndinamuyang'ana bamboyo m'maso, ngakhale mayi anga sanandilere choncho, ndinatchula dzina langa ndi malonda anga. Analawa limodzi nati ndi abwino kwambiri.

"Koma mayi, ife zipatso sitigula. Zathu zimabwera kuchokera kunja m'migolo, zofinyafinya kale. Kuno timangothira madzi ndi shuga."

Anandipatsa kapepala ka chithunzi cha lalanje.

Kanyumba ka bungwe la a Makisiwelo tinakapeza kumapeto. Ndisanafike n'komwe ndinaima chilili. Pakhoma panali chithunzi chachikulu kuposa chitseko, mayi akumwetulira pansi pa mtengo wa manachesi, dengu lili pamutu. Ndinali ine. Chaka chapitacho kunabwera mzungu ndi kamera, anandiuza kuti ndiseke, ndinaseka. Che Saidi anandiwerengera mawu achizungu a pansi pake. Ankati mayi ameneyu moyo wake wasintha, tsopano ali ndi msika wodalirika.

Ndili chiyang'anire, mtsikana wa m'kanyumbamo anatuluka.

"Amayi, mavenda saloledwa muno. Sunthani, mukutchinga chithunzi."

Ndinayang'ana chithunzi, ndinadziyang'ana ndekha, fumbi la masiku awiri, thukuta la gule, nsalu ya eni. Mtsikanayo sanalakwe kwenikweni. Mayi wa pakhoma uja ankaoneka kuti zake zikuyenda.

Ndikuti ndizisuntha, a Makisiwelo anatulukira akuthamanga, tayi ili paphewa. Nduna inali itayamba kuyendera tinyumba, ndipo inali pafupi. Anandiona, anayang'ana khoma, maso awo anawala.

"Mayi athu! Mwafika! Bwerani, imani apa, pansi pa chithunzi. Dengu tsegulani. Chotsani masamba mwavundikirawo. Muzimwetulira."

Gulu linafika, makamera patsogolo. A nduna anali aatali, onunkhira bwino. Anatenga nachesi limodzi, nalisenda ndi chala chokhala ndi mphete.

"Mumachokera kuti, mayi?"

"Ku Neno, bwana."

Anatembenukira kwa wina wa jekete lakuda. "Neno ili kuti paja?"

"Kuseri kwa Mwanza, bwana."

"Aa, kwathu komweko!"

Mumtima ndinati ndayenda ulendo wonsewu, ndilankhule. "Bwana, manachesi athu akuolera pansi. Msewu ndi woipa, ogula safika."

A Makisiwelo ananditsina pamkono. A nduna anayankha akuyang'ana kamera, osati ine, kuti boma likudziwa, ndipo amayi ngati awa ndiwo msana wa chitukuko. Anthu anaomba m'manja. Pamenepo m'pamene a Chidzanja anabowola gulu, majumbo ali m'manja monse, sikipa ikuonekera pansi pa jekete.

"Chidzanja, tcheyamani, Neno! Bwana, dengu limeneli ndi mphatso yanu, yochokera kwa amalonda a ku Neno!"

Wa jekete lakuda uja analinyamula ndisanatseke pakamwa. Ndinamuthamangira masitepe angapo.

"Bwana, dengu lokhalo mundibwezere, ndi la apongozi anga!"

Anthu anaseka kwambiri. A nduna anaseka mpaka kugwira pamimba, nati amayi akumudzi ndi ansangala. Gulu linapita pa kanyumba kena, dengu likuyandama pamwamba pa mitu mpaka linakhota.

Ndinapita kuseri kwa zimbudzi kumene kunali mpopi, kuti ndisambe kumaso anthu asaone kuti ndikulira. Pampopipo panali mzere, ndipo patsogolo panga panali mayi wina wamfupi, wa mikono yolimba, atanyamula chigubu. Anali wogulitsa zipatso mumsika wa Limbe, anabwera kudzagulitsa nthochi kunja kwa mpanda, ndipo analowa podutsa pomwe waya anaphwasuka. Anandiyang'ana nati, "Mwaferedwa kodi?"

Ndinamufotokozera. Sanandipepese, anangoseka kamodzi ngati munthu amene wamva nkhani yakale. Pansonga ya nsalu ndinali nditamangapo manachesi angapo oti tidye pobwerera. Ndinamasula n'kumupatsa limodzi. Analifinya pang'ono, ananunkhiza khoko, analawa.

"Mitengoyi ndi yanu, kapena mumapikula?"

"Ndi yanga."

"Ingati?"

Ndinamuuza. Anaika chigubu pansi.

"Ine ku Neno sindingafike, msewu uja ndinaulumbirira. Koma mukamawatsitsira pa tala, ine ndizibwera ndi galimoto ya mlamu wanga. Muli ndi posungira?"

Ndinakaitana che Saidi. Anamvetsera, nati khonde la golosale yawo lilipo, ndipo mbuzi sizifikapo. Tinakangana mtengo pomwepo, anthu akutikankha kuti atunge madzi. Mayi ameneyo, a Nasibeko, anali wouma mtima pa malonda, ndipo mtengo umene anandipatsa unali wondiliza. Koma unaposa umene nyerere zinkandipatsa pansi pa mitengo. Sitinagwirane dzanja, chifukwa manja onse anali onyowa. Anabweradi sabata yotsatira, ndipo anabwera nyengo iliyonse mpaka ana anga onse anamaliza sukulu. Pa masemina onse amene ndinakhalapo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anatiuza kuti tikaime pamzere wa kuseri kwa zimbudzi.

Lole ya chipani inatisiya, chifukwa ntchito yathu inali itatha. Tinabwerera pa basi, kenako pa matola ena amene anafa kawiri kokha. A Chidzanja anagona njira yonse atakumbatira majumbo awo.

Pa msonkhano wa gulu lathu, a Tcheya anaimirira nanena kuti ulendo unayenda bwino kwambiri, Neno tsopano yadziwika, ndipo a nduna eni ake anati kuno n'kwawo. Anakhuthula timapepala tonse patebulo. Anthu anatitembenuza uku ndi uku. Tina tinali m'Chingerezi, tina m'zilankhulo zimene ngakhale aphunzitsi anazikana. Wina anafunsa kuti tsono titani nato. A Tcheya anati ndi chuma cha gulu, akasunga kunyumba kwawo kufikira makampaniwo atatiyankha.

Akazi awo a Chidzanja ankagulitsa mandasi pakhomo pa msika. Sipanapite nthawi, aliyense wogula mandasi pa Neno anayamba kulandira atakulungidwa m'firiji, m'chigayo, kapena m'mpando wa bwana. Tsiku lina ndinagulako ndekha. Anandikulungira m'thalakitala yofiira ya kunja, ndipo ndinene chilungamo, pepala lake linali labwino. Mafuta sanadutse.